Hubert Woyera: Episkopi wa ku Liège, Mbawala ya Mtanda ndi Nkhani ya Chiwewe

Funso

Mwana wathu wachisamba tinamubatiza dzina la malemu agogo ake, Hubert. Tsiku lina mlamu wanga anandionetsa botolo la Jägermeister, pali mutu wa mbawala ndi mtanda pakati pa nyanga, n'kumandiseka kuti woyera wa mwana wathu ndi wa mowa. Mayi wina kutchalitchi akuti ayi, Hubert anali mlenje, ndiponso amachiritsa anthu olumidwa ndi galu wachiwewe. Kodi munthuyu analikodi? Nanga mwanayu akadzandifunsa ndidzamuuze ziti?

Mayi wina wa ku Dedza

Yankho

Analiko ndithu, mayi. Mbiri yake yoyamba inalembedwa ndi munthu wa mpingo wa ku Liège amene anayenda naye m'zaka zake zomaliza, ndipo analemba pasanathe zaka 20 chimwalirireni. Kwa oyera a nthawi imeneyo umenewu ndi mwayi waukulu, chifukwa ambiri mbiri zawo zinalembedwa ndi anthu amene sanawaonepo n'komwe. Koma mukaitsegula mbiri yoyambayo simupezamo mbawala, simupezamo agalu osakira nyama, chiwewe ndiye mulibiretu. Zonsezi zinamupeza Hubert ali m'manda kale, ndipo zinamupeza chifukwa cha malo amene mafupa ake anakagona.

Anabadwa cha m'ma 650 mu ufumu wa Afulanki, mtundu umene dziko la France linatengerako dzina. Ufumuwo unatenga dera lalikulu la France, Belgium, kummwera kwa Netherlands ndi kumadzulo kwa Germany wa lero. Pampando panali padakali zidzukulu za Clovis, mfumu imene inabatizidwa ku Reims cha m'ma 500, koma pofika nthawi ya Hubert mafumuwo anali atangotsala ndi dzina. Wolamula weniweni anali nduna yaikulu ya kunyumba ya mfumu, Pepin wa ku Herstal, amene anamwalira mu 714. Mwana wake ndiye Charles Martel, ndipo mdzukulu wa Charles Martel ndiye Charlemagne. Herstal lero ndi tauni yogundizana ndi Liège. Choncho dayosizi imene Hubert anadzaitsogolera inali pakhomo penipeni pa banja lamphamvu koposa m'dzikomo.

Amene anamulera pa za mpingo anali Lambert, episkopi wa ku Maastricht. Lambert anaphedwa cha m'ma 705 pa kamudzi kena m'mbali mwa mtsinje wa Meuse, komwe anali ndi nyumba ndi kachalitchi kakang'ono. Kamudziko ndi Liège. Mbiri yakale kwambiri ya Lambert siibisa chimene chinadzetsa imfayi. Inali nkhani yolipsirana: abale ake a Lambert anapha anthu awiri amene ankasakaza katundu wa mpingo, ophedwawo anali abale a Dodo, mkulu wina woyang'anira chuma pansi pa Pepin, ndipo Dodo anabwera ndi anyamata ake a zida n'kumupha episkopiyo m'nyumba mwake. Olemba a m'mbuyo mwake ndiwo anadzati Lambert anafera kudzudzula Pepin pa nkhani ya mkazi wina, Alpaida, mayi wake wa Charles Martel. Mwayamba kuona momwe nkhani ya woyera imanenepera ikamadutsa m'manja ambiri.

Hubert ndiye analowa m'malo mwa Lambert, ndipo ntchito yake yaikulu imene palibe amaitsutsa ndi iyi. Lambert anali ataikidwa ku Maastricht, koma anthu ankakhamukira ku Liège pamalo pamene anaphedwera, n'kumasimba za machiritso. Cha m'ma 718 Hubert anafukula thupi la mphunzitsi wake n'kulibweza ku Liège, m'tchalitchi chimene chinamangidwa pamalopo. Kumene kwapita mafupa a woyera kumapita amwendamnjira, kumapita ansembe, amalonda ndi amisiri. Pang'ono ndi pang'ono mpando wa episkopi unasamuka ku Maastricht n'kukhazikika ku Liège, ndipo kamudzi kaja kanasanduka mzinda umene aepiskopi ake anadzalamula dera lonselo ngati mafumu mpaka m'ma 1790. N'chifukwa chake ambiri amamutchula Hubert kuti episkopi woyamba wa Liège. Tchalitchi chachikulu cha Lambert chinagumulidwa kuyambira mu 1794, ndipo pamalopo lero pali bwalo lalikulu la pakati pa mzinda, Place Saint-Lambert.

Nthawi yotsalayo ankayendera midzi ya m'nkhalango ya Ardennes ndi ya ku Brabant, kumene anthu ambiri anali adakagwirizira zipembedzo za makolo awo. Ankalalikira, kubatiza, kugwetsa mafano ndi kupatula matchalitchi. Anali ndi mwana wamwamuna, Floribert, amene anadzakhala episkopi m'malo mwake. Musadabwe nazo: nthawi imeneyo munthu amene anakhalapo pabanja ankatha kulowa unsembe mpaka kufika pa uepiskopi, ndipo malamulo okhwima amene timawadziwa lero anadzakhazikika patapita zaka mazana angapo.

Nkhani imene imandigwira mtima m'mbiri yoyamba ija ndi ya nsomba. Hubert anali pamalo otchedwa Nivelle m'mbali mwa Meuse, ali m'bwato ndi antchito ake, akukhoma zichiri m'madzi kuti atchere nsomba. Iye anagwira chichiri ndi dzanja, wantchito n'kutsitsa nyundo osaona bwino, zala za episkopi n'kuphwanyika. Bala limenelo linamusautsa kwa nthawi yaitali. Ndiye munthu amene dziko lonse limamujambula ali ndi lipenga ndi agalu osakira, amene anamuona ndi maso anamusimba ali pa usodzi, akutchera limodzi ndi antchito ake. Anamwalira pa 30 Meyi 727 ku Tervuren, pafupi ndi Brussels wa lero, atadwala pa ulendo wokapatula tchalitchi. Anamuika ku Liège m'tchalitchi cha Petro Woyera chimene anamanga yekha.

Nthawi imeneyo kunalibe zofufuza za ku Roma monga za masiku ano. Woyera woyamba amene Papa anamulengeza mwa dongosolo anali Ulrich wa ku Augsburg, mu 993. Izi zisanayambe, mpingo wa pamalopo ndiwo unkaona kuti anthu akupemphera pamanda a munthu wakutiwakuti, kenako episkopi n'kufukula thupilo ndi kuliika pamalo aulemu pafupi ndi guwa. Kwa Hubert izi zinachitika pa 3 Novembala 743, ndipo Carloman, mwana wa Charles Martel, anafika pamwambowo. Wolemba uja akuti thupi analipeza lisanaole. Tsiku limeneli ndilo linakhala chikondwerero chake.

Tsono apa ndi pamene nkhani inakhotera. Mkati mwa nkhalango ya Ardennes munali nyumba ya amonke yosauka, pamalo otchedwa Andage. Episkopi Walcaud wa ku Liège anaikonzanso n'kuikamo amonke a Benedikito Woyera, ndipo amonkewo anapempha thupi la Hubert. Kwa ine nkhaniyi ndi yomveka mbali zonse ziwiri. Liège anali ndi Lambert kale, wofera chikhulupiriro, amene ankakoka khamu lonse, ndipo Hubert anali ngati wachiwiri pakhomo pake pomwe. Amonke a m'nkhalango analibe woyera aliyense woti n'kukopa anthu. Mu 825, ndi chilolezo cha mfumu Louis the Pious, mwana wa Charlemagne, thupilo linanyamulidwa kupita ku Andage. Episkopi Jonas wa ku Orléans anapemphedwa kulembanso mbiri ya Hubert m'Chilatini chosalala pa mwambo umenewu, ndipo nayenso sanatchule mbawala. M'kupita kwa nthawi dzina la Andage linazimirira, ndipo tauniyo lero imatchedwa Saint-Hubert, kummwera kwa Belgium.

Anthu ozungulira nyumba ya amonkeyo ankadalira nkhalango. Munali nguluwe, mbawala zikuluzikulu za nyanga zanthambi, mimbulu. Akuluakulu a m'deralo moyo wawo unali uzimba. Zolemba za amonke zimasonyeza kuti alenje anayamba kubweretsa kwa Hubert gawo la nyama imene apha, makamaka yoyamba ya nyengoyo. Amonkewo anadzatchukanso ndi kuweta agalu onunkhiza mapazi a nyama, a makutu aatali olendewera, amene mpaka lero ku France ndi ku Belgium amatchedwa agalu a Saint-Hubert. Hubert anakhala nkhoswe ya alenje chifukwa alenje ndiwo anali anansi ake. Kenaka anthu anafuna nkhani yofotokoza chifukwa chake, ndipo nkhaniyo inapezeka.

Imati Hubert anali mwana wa banja lachifumu la ku Aquitaine, wokonda zosangalatsa. Tsiku Lachisanu Loyera, anzake onse ali kutchalitchi, iye anatenga kavalo ndi agalu kupita kokasaka. Atathamangitsa mbawala yamphongo mpaka mkati mwa nkhalango, nyamayo inatembenuka, ndipo pakati pa nyanga zake panali mtanda wowala. Anamva mawu omuchenjeza kuti akapanda kutembenukira kwa Ambuye mathero ake ndi kumoto, ndipo anamutuma kwa Lambert kuti akamuphunzitse. Nkhani yokoma, koma inayamba kulembedwa za Hubert m'zaka za m'ma 1400, patapita zaka pafupifupi 700 atamwalira. Komanso inali ndi mwini wake kale. Kwa zaka mazana ambiri Akhristu ankaisimba za Eustace Woyera, amene amati anali mkulu wa asilikali a Roma dzina lake Placidus, m'nthawi ya mfumu Trajan. Mbawala yomweyo, mtanda womwewo, mawu ochokera kunyama. Ngakhale akatswiri a zojambula amasokonezeka nazo: chithunzi chotchuka cha Albrecht Dürer cha m'ma 1501, cha mlenje wogwada pamaso pa mbawala, ndi cha Eustace, koma ambiri amachiyesa cha Hubert.

Mbali ina ya nthanoyi imati Hubert anali ku Roma pamene Lambert ankaphedwa, ndipo Papa Sergius anamudzoza uepiskopi komweko, mngelo n'kumubweretsera stola, nsalu yaitali ija wansembe amakoleka m'khosi pa Misa, Petro Woyera n'kumupatsa kiyi. Zaka zimakana. Sergius anamwalira mu 701, Lambert adakali moyo. Koma gwiritsitsani stola ndi kiyi zimenezi, chifukwa pa izo ndi pamene pagona nkhani ya chiwewe imene mayi wa kutchalitchi uja anakuuzani.

Kumene kuli agalu ambiri ndi mimbulu, chiwewe sichisowa. Pofika zaka za m'ma 1000 anthu olumidwa anali atayamba kale kupita ku Saint-Hubert, ndipo mwambowo unapitirira kwa zaka mazana ambiri. Wolumidwa ankagwada, wansembe n'kumucheka pang'ono pamphumi ndi kampeni, n'kulowetsa pachilondapo kaulusi kakang'ono kosololedwa ku stola ija. Tinganene kuti ankamutema mphini, kungoti m'malo mwa mankhwala a mizu ankaikamo ulusi wopatulika. Akatero ankamumanga kansalu kakuda kumutu kwa masiku 9. Masiku amenewo anali a novena ndipo anali ndi malamulo ake: kulapa ndi kulandira Ukaristia, kugona yekha pa zofunda zoyera, kumwera m'chikho chakechake, osaweramira pachitsime kapena pamtsinje kuti amwe, kusala zakudya zina, ndiponso osapesa tsitsi kwa masiku 40. Pa tsiku la 10 wansembe ankamasula kansaluko n'kukatentha. Munthu amene anachekedwapo ankati ali ndi mphamvu yopatsa wolumidwa wina masiku 40 odikirira, kuti matenda asamuyambe asanafike ku Saint-Hubert. Kwa ziweto kunali kachitsulo kotchedwa kiyi ya Hubert. Ankakaika pamoto mpaka kufiira, n'kudinda nako agalu ndi ziweto pamphumi, ndipo m'madera ena ankawotcha nako bala la kulumidwa.

Mwina mukufunsa kuti ngati sizinkathandiza, anthu anapitiriranji kupitako zaka zonsezo? Yankho lili m'khalidwe la matendawa. Si galu aliyense woluma amene ali ndi chiwewe. Ngakhale galu wachiwewe weniweni, si onse amene wawaluma amene amadwala. Ndiye mwa anthu amene ankafika ku Saint-Hubert, ambiri sakanadwala ngakhale akanakhala kunyumba. Ankabwerera kwawo, miyezi n'kupita ali bwinobwino, n'kumachitira umboni. Komanso matendawa amabisala. Kawirikawiri amatenga miyezi iwiri kapena itatu asanaonekere, nthawi zina mpaka chaka. Amene anadwala ankafera kutali, kumudzi kwawo, ndipo panali poyambira kunena kuti mwina anaphwanya limodzi mwa malamulo aja, pakuti malamulowo anali ambiri ndithu. Sindinyoza amonkewo. Munthu wolumidwa nthawi imeneyo analibe kwina kopita, ndipo mantha okha odikira imfa anali matenda paokha. Kumeneko ankapeza anthu omulandira, omupatsa chochita tsiku ndi tsiku, ndi omuuza kuti agone tulo. Koma ulusi sunkapha kachilombo. Zinthu zinasintha pa 6 Julayi 1885, pamene Louis Pasteur ku Paris anayamba kupereka katemera kwa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe, ndipo mnyamatayo anapulumuka.

Apa ndilankhule mosapita m'mbali, chifukwa chiwewe ku Belgium chinatha koma kwathu kuno chidakapha. Bungwe la World Health Organization limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, pafupifupi onse a mu Africa ndi Asia, pafupifupi anayi mwa khumi alionse ali ana, ndipo pafupifupi nthawi zonse gwero lake ndi galu. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayambe katemera, ndipo amalize jekeseni zonse zimene auzidwa. Musadikire kuona ngati adwale. Zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi, dovu, kubwebweta, palibenso mankhwala, munthuyo amapita. Pempherani kwa Hubert muli m'njira, palibe choletsa. Ndipo ngati pakhomo pali galu, mubayitseni katemera a zaulimi akalengeza. Mwa njira zonse zolemekezera nkhoswe ya agalu, imeneyo ndi imene ine ndingaivomereze ndi mtima wonse.

Za botolo la alamu anu, nkhani yake ndi yaifupi. Jägermeister ndi chakumwa cha ku Wolfenbüttel ku Germany chimene chinayamba kugulitsidwa mu 1935. Curt Mast, amene anachikonza, anali mlenje, ndipo anafuna kugulitsa kwa alenje anzake, ndiye anatenga chizindikiro chimene mlenje aliyense wa ku Germany amachidziwa. Hubert sanakhalepo nkhoswe ya mowa. Dzina lake mudzalipezanso pa zinthu zambiri za ku Ulaya: malo otchuka a masitolo a ku Brussels, Galeries Royales Saint-Hubert, amene anatsegulidwa mu 1847, komanso gulu la ulemu la Saint Hubert limene Gerhard, wolamula wa Jülich, anakhazikitsa atapambana nkhondo ya ku Linnich pa 3 Novembala 1444, tsiku la woyerayo.

Thupi lake lero palibe angakuonetseni. Mu 1568, pa nkhondo za pakati pa Akatolika ndi Apulotesitanti, asilikali a Ahuguenot ochokera ku France anafunkha ndi kutentha nyumba ya amonke ija, ndipo chichokereni nthawi imeneyo thupilo silinaonekenso poyera. Amonke eni ake anathamangitsidwa m'ma 1790 boma la France litalanda deralo. Tchalitchi chilipobe, ndipo mu 1927, pokumbukira zaka 1,200 chimwalirireni Hubert, chinapatsidwa ulemu wa basilika. Chakumayambiriro kwa Novembala chaka chilichonse kumeneko ndi m'maparishi ambiri a ku Belgium, France ndi Germany kumakhala Misa ya Hubert. Oimba malipenga a uzimba amaima m'tchalitchi momwemo atavala majekete awo, kunja wansembe amadalitsa agalu ndi akavalo, ndipo anthu amatenga buledi wodalitsidwa kupita naye kunyumba. Buledi ameneyu kale ankadya anthu ndi agalu omwe, poopa chiwewe chomwecho.

Mwana wanu akadzafunsa, musimbireni nkhani ya mbawala. Ana amaikonda, ndipo chimene ikuphunzitsa, kuti munthu angatembenuke ali pakati pa zokonda zake, n'chachikhristu ndithu. Kungoti mudzamuuze kuti imeneyo ndi nthano imene anthu anaveka woyerayo pomukonda. Akadzakulako mudzamuuze za Hubert wa m'mbiri yoyamba, amene anatenga udindo pamene womutsogolera anali atangophedwa kumene ndi anthu amphamvu, n'kukhalabe m'dera lomwelo zaka zoposa 20, kuyenda m'midzi ya kutali, ndi kuonetsetsa kuti mphunzitsi wake asaiwalike. Pa za tsiku lokondwerera dzina lake muli ndi awiri. Buku la Mpingo la mayina a oyera masiku ano limamuika pa 30 Meyi, tsiku limene anamwalira, pomwe ku Liège, ku Saint-Hubert ndi kulikonse kumene kuli alenje amasunga 3 Novembala. Ngati agogo ake anabatizidwa ndi ansembe ochokera ku Netherlands, Belgium kapena France, monga zinalili m'maparishi ambiri akale kwathu kuno, tsiku limene ansembewo ankalidziwa ndi la 3 Novembala.